Ndinapangira mafizo pa WhatsApp, koma ku Mbenji anatsegula ine ndili kumtunda

Chimene sindidzaiwala ndi kaphokoso kake. Sikanali kakakulu ayi. Kanangoti “phwa!” m’kati mwa bondo, ngati mmene chimamvekera chingwe chakale chikaduka pokoka chilimira. Anzanga akuti sanamve kanthu. Iwo anangoona mnyamata wotchinga kumbuyo wa timu inayo akundigwera chakunja kwa mwendo wamanja, phazi langa litazikika m’matope, ine n’kugwa chagada.

Inali sabata yoyamba ya Januwale, pa bonanza ya kumudzi kwathu kufupi ndi doko la Chikombe ku Salima. Mphoto yake inali mbuzi ndi mpira watsopano. Ndikutchula dala zimenezi kuti mudziwe chimene ndinatsala pang’ono kutayira ntchito yanga: mbuzi imodzi yogawana timu yonse.

Ine ndine mlovi. Ndili ndi zaka 27, mkazi ndi mwana mmodzi. Nditamaliza Fomu 4 ndinayendayenda ndi makalata ku Salima ndi ku Lilongwe, osaphula kanthu, mpaka amalume anandiitana kuti ndikalowe m’boti lawo. Chaka chathu timachiwerengera pa chilumba cha Mbenji. Kuyambira m’zaka za m’ma 1950, mafumu a ufumu wa Makanjira amatseka chilumbachi m’nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane. Amatseka mu Disembala, n’kudzatsegula mu Epulo. Pachilumba saloleza mowa, chamba kapena njuga, ndipo amayi sapondako. Wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa kumene. N’chifukwa chake utaka wa ku Mbenji uli ndi mbiri, ndipo asodzi amachokera m’maboma ena kudzadikirira tsiku lotsegulira.

Masabata oyambirira akangotsegula ndiwo amadyetsa banja chaka chonse. Fizi ya mlongo wanga imachokera pamenepo. Malata amene tinkafuna kufolera nyumba ankayembekezeranso pamenepo. Ndiye nditagona m’matope muja, anzanga akundikupiza ndi malaya, m’mutu mwanga simunali za chigoli. Ndinkawerenga miyezi: Januwale, Febuluwale, Malichi. Basi.

Aliyense anasanduka dokotala

Pofika madzulo bondo linali litatupa chakum’kati, ndipo pakhomo panadzaza anthu odzazonda. Aliyense anabwera ndi mankhwala ake. Mayi anga anatereka madzi kuti andithowe. Kochi wathu anati ndangobinya, andikoke mwendo kamodzi kokha zibwerera m’malo. Amalume anatchula mkulu wina wa mudzi woyandikana nafe amene amatema mphini.

“Mphini zitatu zokha, mphwanga, magazi oipa atuluke. Ine ndinaguluka phewa kalekale, unandiona ndikupita kuchipatala?”

Mayi ndinawalola kuthowa, poti mayi sukanira. Koma usiku umenewo bondo linafufuma ngati chitumbuwa, kugunda ngati muli mtima wina m’katimo. Ndinadzamva pambuyo pake kuti kutentha kumawonjezera kutupa m’masiku oyamba, ndipo chimene chimafunika nthawi imeneyo ndi chozizira. Kuthowa kuli ndi nthawi yake, osati tsiku lovulala.

Amene anathetsa mkangano ndi mkazi wanga. Iye salankhula pagulu la akuluakulu, koma anthu atabalalika anatenga foni n’kuimba 54747, nambala ya Chipatala cha pa Foni, ntchito imene inayambira ku Balaka mu 2011 ndipo pano ikuyendetsedwa ndi Unduna wa Zaumoyo. Amene anayankha anafunsa ngati ndikutha kuponda, ngati phazi lachita dzanzi, ndiponso ngati mwendo wapindika mwachilendo. Kenako ananena mosapita m’mbali kuti tisakoke, tisateme, tiike chozizira, mwendo tiukweze pamwamba ndipo tipite kuchipatala.

Chozizira kumudzi kopanda firiji chimachokera kuti? Mkazi wanga anakagula mafilizesi asanu ouma gwa pagolosale ya pamsika, n’kuwakulunga m’chitenje. Mphindi 15 zikatha tinkachotsa, mwana n’kumwa osungunukawo. Iye yekha ndiye anasangalala ndi ngozi yanga.

Manja a dokotala

Kuchoka kwathu kukafika kuchipatala cha boma ku Salima si ulendo wamasewera m’dzinja. Umayamba ndi kabaza wa njinga yamoto m’msewu wamatope mpaka pa tala wa M5 wochokera ku Nkhotakota, kenako minibasi. Ine ndinakhala chammbali, mwendo uli tantha, bampu iliyonse ndikuitana amayi.

Anandijambula X-ray, mafupa onse anali bwinobwino. Ndinasangalala msanga, ndimvekere ndiye kuti palibe vuto. Dokotala wa mafupa anaseka. Anati X-ray imaonetsa mafupa okha, pamene chimene chimagwira bondo kuti lisagwedere ndi timinyewa tolimba ngati zingwe, tinayi. Tiwiri timapingasana m’kati mwenimweni mwa bondo, ndipo kodziwika kwambiri pa tiwiriti ndi ACL. Tiwiri tina tili m’mbali, kena kunja, kena chakum’kati kumene mawondo amagundana, komwe amati MCL. Palinso tinyama tolimba tokhala ngati khushoni pakati pa mafupa. Zonsezi zimaoneka bwino pa makina a MRI, amene munthu amawatsatira ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Iwo anagwiritsa ntchito manja. Anandigoneka, n’kukoka mwendo kutsogolo atagwira ntchafu: unalimba. Anaukankhira kumbuyo: unalimba. Atakankha bondo kuchokera kunja, ndinakuwa, ndipo ndinamva ndekha kuti chakum’kati kwatseguka pang’ono. Anachitanso chimodzimodzi mwendo wabwinowo kuti ayerekeze.

“Mwang’amba MCL, koma sikanaduke konse. Muli ndi mwayi, achimwene. Kameneka kamalandira magazi okwanira, ndiye nthawi zambiri kamapola popanda opaleshoni. Koma kamafuna nthawi ndi mafizo. Mukachita nako masewera, bondo lidzakhala logwedera mpaka kalekale.”

Anandiuzanso kuti likamadzakana kuwongoka ngati lakhoma loko, kapena likamangofooka mwadzidzidzi ndikuyenda, adzanditumiza ku Lilongwe, komwe kuli chipatala cha mafupa cha LION pafupi ndi Kamuzu Central.

M’chipinda cha mafizo ndinakumana ndi mayi wina wachitsikana, wamsinkhu wanga womwewu. Anandimanga chogwirizira bondo, anandiphunzitsa kuyenda ndi ndodo, n’kundionetsa mafizo atatu oyambira. Kenako anati ndizibwera kawiri pa sabata. Ndinangoti kukamwa yasa. Ndinawawerengera ndalama ya kabaza ndi minibasi, kupita ndi kubwera, pa nthawi imene nyanja yathu ndi yotseka ndipo m’nyumba tikudya zosunga. Ndinawauza zoona kuti ndikanena kuti ndizibwera ndiye kuti ndikuwanamiza.

Anakhala chete pang’ono, n’kuyang’ana foni imene inali m’thumba la malaya anga.

“Imeneyo imajambula vidiyo?”

“Imajambula, adokotala, kungoti galasi linasweka pakona.”

“Ndiye tipange chonchi. Muzibwera kamodzi pa mwezi kuti ndizidzaligwira ndi manja. Masiku enawo tizionana pa WhatsApp. Koma mukayamba kundinamiza, ndisiya.”

Sindinadziwe nthawi imeneyo kuti anthu a ntchito yawoyi ndi ochepa chotani m’dziko muno. Digiri ya mafizo inayamba kuphunzitsidwa ku College of Medicine mu 2010, sukulu imene pano ili m’gulu la KUHeS. Ndi dzulodzuloli. Ambiri mwa amene anamaliza ali m’mizinda, ndiye ife a m’mbali mwa nyanja timangomva kuti kuli mafizo, n’kumaganiza kuti ndi za anthu odwala sitiroko basi.

Chipatala cha pakhonde

Ntchito inayamba tsiku lotsatira, pamphasa, pakhonde. Iwo anatumiza mavidiyo atatu aafupiafupi amene anajambula mnzawo wa kuntchito akuchita, komanso uthenga wamawu wofotokoza m’Chichewa. Ine ndinkaonera, n’kuchita, mkazi wanga akundijambula. Lolemba ndi Lachinayi tinkatumiza. Iwo ankayankha akaweruka, nthawi zina usiku ndithu.

Mafizo oyambawo anandikhumudwitsa. Loyamba linali kupinda kathawulo, kukaika pansi pa bondo, n’kukakanikiza polimbitsa mnofu wa pantchafu kwa masekondi asanu, kakhumi. Lachiwiri, kukhwekhwereza chidendene pamphasa kubwera nacho kumatako mpaka pamene ululu wayambira, n’kubwerera. Lachitatu, kukweza mwendo wowongoka m’mwamba pang’ono n’kuutsitsa mwapang’onopang’ono. Ine, munthu wokoka chilimira, kumalimbana ndi kathawulo!

Koma vidiyo sinama. Nditatumiza yoyamba, yankho linabwera: “Onaninso pa sekondi ya 12. Mukukweza chiuno, osati mwendo. Ndipo bondo likupindika musananyamuke. Limbitsani kaye ntchafu, kenako mukweze.” Ndinaonera, ndipo zinalidi choncho. Ndinkabera osadziwa. Papepala la zithunzi lokha ndikanachita molakwika mwezi wathunthu, n’kumadabwa kuti bwanji sizikusintha.

Anatiphunzitsanso kuyeza, ndipo apa ndi pamene mkazi wanga anakhala nesi weniweni. Anabwereka tepi kwa telala wa pamsika. Lamlungu lililonse ankayeza kuzungulira bondo kuti tione kutupa, ndiponso kuzungulira ntchafu pamtunda wa masentimita 10 kuchokera pa kafupa ka pamwamba pa bondo, miyendo yonse iwiri. Patangotha masabata atatu ntchafu yovulalayo inali itachepa ndi masentimita awiri. Ndinachita mantha. Adokotala anati ndi mmene zimakhalira: bondo likatupa, mnofu wa pantchafu umachita ngati wagona tulo, ndipo ukapanda kudzutsidwa umafota msanga. Kathawulo kaja ntchito yake inali imeneyo.

Kuti tidziwe mmene bondo likupindikira, ndinkagona chagada n’kulipinda mpaka pomwe ndingathe, iye n’kujambula chithunzi kuchokera m’mbali, foni ataiika pansi pa malo amodzimodzi amene tinalemba ndi khala. Adokotala anali ndi pulogalamu ya pa foni yojambula mizere kuchokera pachiuno kufika pabondo ndi pakakolo, n’kuwerenga madigiri. Sabata yoyamba ndinali pa 70. Mwendo wabwino unali pa 140. Anati kukhala pampando bwinobwino kumafuna pafupifupi 90, ndipo kunjuta kumafuna ochuluka kuposa pamenepo.

Za kunjutazi ndinene, poti ndi nkhani ya tonse ngakhale sitiitchula. Chimbudzi chathu ndi chokumba. Munthu amene bondo lake likuthera pa madigiri 70 sanganjute. Masiku awiri oyamba ndinavutika mwakachetechete, mpaka ndinachotsa manyazi n’kufunsa. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Adokotala sanaseke n’komwe. Ananditumizira chithunzi cha mpando wathabwa woboola pakati, ndipo kalipentala wa m’mudzi anaukhoma tsiku lomwelo.

Lamulo lalikulu linali la ululu. Tsiku lililonse ndinkalemba nambala kuyambira 0 mpaka 10. Ululu wofika 3 pochita mafizo ankati palibe vuto. Ukapitirira, kapena bondo likadzuka lotupa m’mawa mwake, ndiye kuti dzulo ndinapyola muyeso, ndibwerere m’mbuyo. Ndinatchera alamu katatu pa tsiku. Ikalira, mwana wanga wa zaka zitatu ankathamangira mphasa n’kugona pambali panga, kukweza kamwendo kake m’mwamba, akuwerenga “wanu, thuu, faifi.”

Zipangizo zonse zinali za pakhomo. M’malo mwa malamba otamuka a m’chipatala tinadula chubu chakale cha njinga n’kuchimangirira pamzati wa khonde. Sitepe inali njerwa ziwiri. Cholemetsa chinali kathumba ka mchenga wa kunyanja komangirira pakakolo. Pofika mwezi wachiwiri ndinali nditasiya ndodo, ndikutsetsereka ndi msana pakhoma ngati ndikukhala pampando wosaoneka, ndiponso kuima ndi mwendo umodzi potsuka m’kamwa.

Mavuto analipo. Netiweki kwathu imabwera ngati mlendo. Vidiyo ya mphindi ziwiri inkatha kuzungulira theka la tsiku osapita, ndiye tinaphunzira kujambula masekondi 20 okha, ndipo mkazi wanga ankakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu kukatumiza. Kukachita mitambo masiku atatu, sola ya pamsika inkalephera kutchaja mafoni onse a m’mudzi. Komabe bandulo ya sabata yathunthu sinkafika pa ndalama ya ulendo umodzi wopita ku Salima n’kubwera.

Pamene ndinadziyesa wochenjera

Foni yomweyo imene inkandichiritsa ndi imenenso inandipweteketsa. Mukangofufuza kamodzi za bondo, YouTube ndi Facebook zimakudzazirani mavidiyo: uyu akuti chira m’masiku 7, uyo akugulitsa mafuta opaka ochokera kunja, wina akudumpha mabokosi akuti anavulala mwezi watha. M’gulu la WhatsApp la timu yathu wina anaponya nambala ya munthu wogulitsa mapilitsi “olumikiza minyewa”. Mapilitsiwo sindinagule, poti ndalama panalibe. Koma mavidiyo odumphawo anandilowa m’mutu.

Chakumapeto kwa Febuluwale ululu unali utatheratu poyenda. Ndinayamba kuona ngati adokotala akundichedwetsa. Ndinkachita mafizo awo pa kamera, mkazi wanga akapita kumunda n’kumachita anga a pa YouTube. Kenako Loweruka lina anyamata anapereweza munthu mmodzi pokonzekera masewero.

“Aise, ungoima kutsogolo basi, sitikupatsa mpira wovuta.”

Ndinasewera mphindi zosakwana 20. Palibe anandigunda. Ndinangotembenuka mwachangu kutsatira mpira, chakum’kati kwa bondo n’kumva ngati andibaya ndi singano yamoto. Ndinabwerera kunyumba ndikuyesetsa kusatsimphina.

Lamlungu tepi ya telala inandiulula. Mkazi wanga anayeza kawiri, n’kundiyang’ana.

“Abambo, bondoli lakwera ndi sentimita ndi theka. Mwatani?”

“Mwina ndi nyengo.”

“Nyengo yake yovala jombo? Ndaziona zili ndi matope kuseri kwa chitseko. Muwauza nokha adokotala kapena ndiwauze ine?”

Ndinawauza ndekha. Yankho lawo linali lalifupi: mawa mubwere. Ndalama ya ulendo umenewo tinabwereka ku banki m’khonde. Atandigwira anati ACL ikadali bwino, koma chilonda chimene chinkapola ndachitukula, ndipo tabwerera m’mbuyo masabata atatu kapena anayi. Anafotokoza kuti ululu umatha msanga kusiyana ndi mmene mnyewa umalimbira. Pamene munthu wayamba kumva bwino, ulusi watsopano wa pachilondapo umakhala ukadali wanthete, ndipo nthawi yoopsa kwambiri ndi imeneyo.

“Inu a ku Chikombe ndiye muyenera kumvetsa kuposa aliyense. Mu Febuluwale nsomba ku Mbenji zimakhalapo kapena ayi?”

“Zimakhalapo zambiri.”

“Nanga bwanji simukapha?”

Sindinayankhe. Pa minibasi pobwerera ndinachotsa mavidiyo onse amene ndinasunga.

Usiku umenewo mkazi wanga, amene ankasewera ntchemberembaye kusukulu, anandikumbutsa za Mwawi Kumwenda. Iye anaduka ACL mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens ku Australia. Anamuchita opaleshoni, anali ndi madokotala ndi zipangizo zonse zimene ndalama ingagule, komabe anakhala kunja kwa bwalo miyezi yambirimbiri. Atabwerera, timu yake inatenga chikho mu 2020, iye n’kusankhidwa wosewera bwino pa fainolo. “Ndiye inu ndi chubu chanu cha njinga mukufuna kumuposa Mwawi?”

Kuyambira pamenepo zowerenga zanga pa intaneti ndinkayamba ndafunsa. Ndinaphunzira kuti ngakhale ACL si nthawi zonse imathamangira ku opaleshoni. Adokotala anandiuza za kafukufuku wa ku Sweden amene anasindikizidwa mu 2010, wa achinyamata 121 oduka ACL. Ena anachitidwa opaleshoni msanga, ena anayamba ndi mafizo n’kusiya opaleshoni ngati chinthu chodzachita zikakanika. Patatha zaka ziwiri magulu awiriwa sankasiyana kwenikweni, ndipo oposa theka la oyamba ndi mafizo aja anali asanachitidwe opaleshoni. Koma anandichenjeza kuti amenewo ankayang’aniridwa ndi akatswiri, ndipo wosankha njira ndi dokotala amene waligwira bondolo, osati mwini wake ataonera vidiyo.

Tsiku lotsegulira

Kumayambiriro kwa Epulo doko la Chikombe linayamba kudzaza. Maboti opakidwa penti yatsopano, maukonde akusokedwa pamchenga, amayi ogula nsomba akufika ndi mabeseni ndi madengu. Amalume anabwera kunyumba madzulo ena n’kukhala pampando osalankhula nthawi yaitali.

“Mphwanga, ndiuze zoona. Ukwera kapena ndipeze wina? Anyamata atatu andipempha kale malo ako.”

Ndinawapempha masiku awiri. Adokotala anali atanena kale kuti chilolezo sichidzachokera pa kalendala koma pa mayeso. Anandifunsa kuti ntchito ya m’boti imakhala yotani, ndipo ndinawatumizira vidiyo ya chaka chatha: anthu ataima pa matabwa onyowa, boti likuvina ndi mafunde, aliyense atapinda mawondo akukoka ukonde chotembenuka. Anati ntchito imeneyo kwa bondo sikusiyana ndi mpira.

Mayeso anali atatu. Kuima ndi mwendo umodzi maso ali otseka masekondi 30. Kudzuka pampando ndi mwendo umodzi, kuwerenga kangati, miyendo yonse. Ndi kudumpha kutsogolo ndi mwendo umodzi n’kutera osagwedera, mkazi wanga akuyeza ndi tepi, foni ikujambula kutsogolo kuti aone ngati bondo likugwera m’kati. Mwendo wovulala unayenera kufika pa magawo 90 pa 100 a wabwinowo. Wamanzere unadumpha masentimita 150. Wamanja 112, ndipo potera bondo linapendekera m’kati moonekeratu.

Ndinaganiza zobwereza mpaka ipezeke vidiyo yooneka bwino. Ndinaganizanso zongotumiza nambala yabodza. Mkazi wanga anali atagwira foni, osanena kanthu, akungondiyang’ana. Tinatumiza yomweyo.

“Simunafike, achimwene. Mwatsala pang’ono, koma simunafike. Bondo likakufookerani pakati pa nyanja, simugwa nokha.”

Mawu omalizawo ndi amene anandigwira. M’boti munthu mmodzi akaterereka ukonde uli wolemera, amakoka anzake.

Tsiku lotsegulira ndinaima kumtunda. Mwambo unachitika monga mwa nthawi zonse, a Senior Chief Makanjira ndi nduna zawo, akuluakulu a zausodzi, malamulo akukumbutsidwa poyera kuti wina asadzati sindinamve. Kenako mainjini analira, maboti n’kuyamba kuchepa m’maso kulowera kuchilumba. Boti la amalume linapita ndi mnyamata wina pa malo anga. Sindinama, ndinapita kuseri kwa thandala la nsomba n’kupukuta m’maso.

Amalume sananditaye. Anati poti ndinapita kusukulu ndipo foni ndaizolowera, ndikhale kudoko ndizilandira nsomba, kulemba mabeseni, kukambirana mitengo ndi ogula a ku Lilongwe ndi kulandira ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba. Malipiro ake sanafike pa gawo la mlovi. Fizi ya mlongo wanga tinalipira, koma malata anadikira chaka china. Umenewo ndiwo mtengo weniweni wa mphindi 20 za Loweruka lija.

Ndinapitiriza mafizo m’bandakucha maboti asanafike, kuyenda mumchenga, kukwera njerwa nditanyamula chigubu cha madzi, kukoka chubu chotembenuka ngati ndikukoka ukonde. Sabata yoyamba ya Meyi wamanja unadumpha 138. Ndinapita ku Salima komaliza, anandigwira bondo mbali zonse, n’kunena kuti ndikhoza kukwera, koma mpira ndidikire kaye ndipo mafizo ndisasiye. Ndinakwera mwera utayamba kale kuwomba. Usiku woyamba pachilumba ndinaima ndi mwendo umodzi pamwala ndikutsuka m’kamwa, anzanga n’kumaseka kuti ndasanduka kakowa.

Kwa anzanga a m’mabwalo a fumbi

Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi munthu amene ankasewera bwino, anavulala bondo pa bonanza, ndipo lero amatsimphina. Ambiri sanafunikire opaleshoni. Chimene anasowa ndi munthu wowauza chochita sabata ndi sabata, ndipo munthuyo anali kutali, kuseri kwa ndalama ya thiransipoti. Mtunda umenewo foni ikhoza kuufupikitsa, ndaona ndi maso anga.

Koma dongosolo lake lisasokonekere. Choyamba ndi manja a dokotala, chifukwa kamera singakoke bondo n’kumva ngati mnyewa walimba. Foni imabwera pambuyo, kudzapitiriza zimene wakuyezaniyo wanena. Mukapita kuchipatala funsani ngati kuli a mafizo, auzeni zoona za kutalika kwa kwanu, ndipo funsani mwaulemu ngati angalole kukutsatirani pa foni. Si onse angathe, ali ndi odwala ambiri, ndipo akalola musawaimbire pakati pa usiku. Mavidiyo anu atumizeni kwa iwo okha, osati m’magulu momwe aliyense ndi dokotala. Ndipo bondo likakhoma, likamafooka lokha, likatentha n’kufiira inu mukumva malungo, phazi likachita dzanzi, kapena katumba akatupa n’kumapweteka, siyani foni, kwerani kabaza.

Pezaninso wina wa m’nyumba wogwira tepi, wosaopa kukuuzani kuti mukunama. Ine wanga anakana kubweza tepi ija, anachita kumulipira telala. Imakhala m’chitini cha singano pawindo. Dzulo anyamata anabwera kudzandiuza kuti bonanza ya chaka chino mphoto yake ndi mbuzi ziwiri. Ndisanayankhe, ndinamva chitini chija chikutsegulidwa m’nyumba.